Francis Gary Powers: Mlandu Wake Unali Kubwerako Wamoyo

Anzanga amene mumatenga History, nkhani ya ndege ya U-2 mumakumana nayo pa mutu uja wa Cold War. M'manotsi imangotenga mizere itatu: mu 1960 ndege ya ukazitape ya America inagwetsedwa ku Soviet Union, Khrushchev anakwiya, msonkhano wa atsogoleri ku Paris unathera panjira. Basi, n'kupita pa mutu wina. Komatu m'ndege imeneyo munali munthu. Anatumidwa mwachinsinsi, anagwa kuchokera m'mwamba makilomita 21, anakhala m'ndende ya adani chaka ndi miyezi 9, ndipo atabwerera kwawo anthu ambiri ankafunsa chifukwa chimene sanafere komweko. Dzina lake ndi Francis Gary Powers.

Mwana wa kumigodi

Powers anabadwa pa 17 Ogasiti 1929 m'dera la migodi ya malasha ku Kentucky, ndipo anakulira kufupi ndi katauni kakang'ono ka Pound ku Virginia. Bambo ake, a Oliver Powers, ankakumba malasha, kenako anayamba ntchito yosoka nsapato. M'banjamo munabadwa ana 6, wamwamuna ali iye yekha. Bambowo ankaudziwa mgodi mmene umamalizira anthu, ndiye ankafunitsitsa kuti mwana wawoyo adzakhale dokotala. Koma ali ndi zaka 14 mnyamatayo anakwera kandege kakang'ono pa chionetsero china ku West Virginia, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wake unatsalira m'mwamba.

Anamaliza maphunziro ku Milligan College mu 1950. Za udokotala zija anazisiya, n'kulowa gulu la asilikali a m'ndege la America, la Air Force. Pofika 1952 anali ofesala, ndipo ankayendetsa ndege zankhondo za F-84 ku Georgia. Kumayambiriro kwa 1956 anthu ena ovala wamba anamuitanira pambali n'kumuuza za ntchito ina yoopsa koma ya malipiro abwino. Anthuwo anali a CIA, bungwe la ukazitape la dziko la America.

Ndege yopanda mfuti

Kuti timvetse ntchitoyo, tione kaye mmene zinthu zinalili. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, America ndi Soviet Union anayamba kuyang'anizana ndi diso lofiira. Mu 1949 a Soviet nawo anaphulitsa bomba lawo la nyukiliya. Dziko lawo linali lotsekeka, mlendo sankangoyendamo, choncho a ku America sankadziwa kuti mnzawoyo ali ndi ndege zoponya mabomba zingati, kaya mizinga ingati. Mantha anakula. Mu 1955 ku Geneva, Pulezidenti Eisenhower anapempha kuti mayiko awiriwa aziloleza ndege zojambula kudutsa m'mwamba mwa mnzake. A Soviet anakana. Apa a America anaganiza zongolowera pawindo.

Kampani ya Lockheed, motsogozedwa ndi katswiri wina dzina lake Kelly Johnson, inapanga ndege ya U-2. Inali ya injini imodzi, mpando umodzi, mapiko ataliatali, yopanda mfuti ngakhale imodzi. Chida chake chinali kamera yaikulu yoloza pansi. Chitetezo chake chinali kukwera basi: makilomita 21 m'mwamba. Mutatenga phiri la Mulanje mpaka pa Sapitwa n'kulisanja ka 7, m'pamene mungafike pamene inkadutsa. Akuluakulu a CIA ankakhulupirira kuti kumeneko palibe ndege kapena mzinga wa Soviet umene ungafikeko.

Panali vuto limodzi. Msilikali wa yunifolomu akalowa m'dziko la eni ndi ndege ya boma, enawo akhoza kunena kuti mwayamba nkhondo. Ndiye oyendetsa ndegewo ankauzidwa kuti atule pansi usilikali papepala, akhale ngati anthu wamba, polonjezedwa kuti ntchito ikadzatha adzabwerera pa maudindo awo. Powers anasaina. Malipiro ake anafika madola 2,500 pamwezi. Anakaphunzira ndegeyo m'chipululu cha Nevada, kenako anamutumiza ku bwalo la ndege la Incirlik ku Turkey. Aliyense wofunsa ankauzidwa kuti anyamatawa akuyeza zanyengo. Zoona zake sankaloledwa kuuza ngakhale makolo awo.

Musaganize kuti inali ntchito yongokhala pampando. Asananyamuke, woyendetsa ankapuma okosijeni yekhayekha kwa maola awiri. Ankavala chovala chothina kwambiri ndi chipewa chotseka nkhope yonse, chifukwa kumwambako mpweya ndi wochepa moti popanda chovalacho madzi a m'thupi amayamba kuwira. Liwiro nalo linali la pamzere: akachepetsa pang'ono ndege ikugwa, akawonjezera pang'ono ndege ikuthyoka, ndipo kusiyana kwa ziwirizi sikunkafika makilomita 20 pa ola. Wayilesi yolankhulirana inkakhala chete. Munthu yekhayekha maola 8 kapena 9.

Kodi ntchitoyo inapindula chiyani? Kuyambira pa 4 Julayi 1956, pamene U-2 yoyamba inadutsa pamwamba pa Soviet Union, zithunzi zinaonetsa kuti a Soviet analibe ndege zoponya mabomba zambiri monga mmene anthu ankaopera. Pa nkhani ya mizinga ikuluikulu zinaonekanso chimodzimodzi. Eisenhower ataona zimenezi anapeza mphamvu yokanira anthu amene ankamukakamiza kuthira ndalama zochuluka pa zida. Oyendetsa ndegewa anathandiza kuziziritsa mitima pa nthawi yoopsa, koma palibe nyuzipepala imene ikanawatchula.

Tsiku la 1 Meyi 1960

Pofika 1960, Powers anali mmodzi wa odziwa kwambiri U-2. Anamusankha pa ulendo umene unali usanayesedwepo: kunyamuka ku Peshawar ku Pakistan, kudula Soviet Union yonse kuchokera kummwera mpaka kumpoto, n'kukatera ku Bodø ku Norway. Ulendo wa makilomita pafupifupi 6,000, maola 9. Tsikulo linali la tchuthi cha apantchito, m'mlengalenga munalibe ndege zambiri, ndiye makina a radar a Soviet anamuona msanga n'kumamutsata. Ali mkati mwa ulendo, makina othandiza kuyendetsa ndege anafa. Akanatha kubwerera, koma anasankha kupitiriza akuyendetsa ndi manja.

Patatha maola pafupifupi anayi, kufupi ndi mzinda wa Sverdlovsk, umene lero ukutchedwa Yekaterinburg, mzinga wa S-75 unaphulika kumbuyo kwa ndegeyo. Mchira unawonongeka, mapiko anathothoka, chotsalacho chinayamba kugwa chikuzungulira. Powers anakankhikira kutsogolo moti akanagwiritsa ntchito mpando woponya munthu kunja, miyendo ikanaduka. Anatsegula chivundikiro chagalasi ndi manja, mphepo n'kumukokera kunja, akulendewera pa paipi ya okosijeni. M'ndegemo munali mabatani ophulitsira kabomba kowononga kamera. Anayesa kuwafikira, osatheka. Paipi ija itaduka anagwa yekha, parachuti n'kutseguka. Anatera m'munda, anthu a pafamu n'kumugwira, ndipo tsiku lomwelo anamutengera ku Moscow.

Tsiku limenelo kunafa munthu mmodzi, ndipo sanali wa ku America. Pa chipwirikiti chija asilikali a Soviet anaombanso ndege yawo yomwe ya MiG-19 imene inkathamangitsa Powers. Woyendetsa wake, Sergei Safronov, anafa. Dzina limeneli mulisunge, tilipezanso kutsogoloku.

Bodza la akuluakulu

Ku Washington anali otsimikiza kuti munthu sangagwe kuchokera kumeneko n'kukhala moyo. Ndiye anatulutsa nkhani imene anakonzeratu. Bungwe la NASA linalengeza kuti ndege yake yoyeza zanyengo yasowa ku Turkey, ndipo woyendetsa anali atadandaula za vuto la okosijeni. Mpaka anapenta U-2 ina zizindikiro za NASA n'kuitanira atolankhani. Khrushchev anangotchera msampha. Pa 5 Meyi analengeza kuti agwetsa ndege, osanena chilichonse za woyendetsa. A America anapitiriza bodza lawo lija. Pa 7 Meyi Khrushchev anaulula kuti woyendetsayo ali moyo, ali m'manja mwawo, kamera ilipo, filimu aitsuka ndipo zithunzi zatuluka. Dziko lonse kukamwa yasa. Pa 11 Meyi Eisenhower anavomera poyera kuti maulendowo ankachitika ndi chilolezo chake. Pa 16 Meyi msonkhano wa ku Paris, umene anthu ankayembekezera kuti uchepetsa udani, unasokonekera tsiku loyamba lomwe.

Mwaonatu apa. Bodzalo linali lomangidwa pa mtembo wa Powers. Iye atapezeka wamoyo, bodza linagwa, ndipo manyazi a boma lonse anafuna pokatera. Paja njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

M'manja mwa KGB

Powers anatsekeredwa m'ndende ya Lubyanka, likulu la apolisi achinsinsi a KGB. Kwa miyezi iwiri ankamufunsa mafunso pafupifupi tsiku lililonse, maola ambirimbiri. Sanamumenye, koma anali yekha, osaonana ndi munthu aliyense wa kwawo, akudziwa kuti chilango cha ukazitape chikhoza kukhala imfa. Malangizo a CIA kwa oyendetsa ndegewa ankati munthu akagwidwa akhoza kunena zoona za ulendo wake, kupatula zinsinsi zina za ndegeyo. Nanga akanabisa chiyani, mapu ndi filimu zili patebulo? Powers anavomera zimene zinali zoonekeratu, n'kubisa zimene zikanapweteka anzake. Mayina a oyendetsa ndege anzake sanawatchule. Atamufunsa pamene U-2 imalekezera kukwera, anawapatsa nambala yocheperapo.

Mlandu unayamba pa 17 Ogasiti 1960, tsiku limene ankakwanitsa zaka 31, mu holo yaikulu ku Moscow, makamera ali ponseponse. Makolo ake ndi mkazi wake Barbara analipo. Loya amene boma la Soviet linamupatsa anamulangiza kuti akafuna kupulumuka apepese. Anapepesa. Pa 19 Ogasiti anamugamula zaka 10: zitatu m'ndende, 7 ku kampu yogwira ntchito yakalavulagaga. Tsiku lomwelo, kutali kunyanja ya Pacific, ndege ya America inawakha m'mlengalenga filimu yoyamba yochokera ku setilaiti ya ukazitape ya Corona. Filimu imodziyo inajambula dera lalikulu la Soviet Union kuposa maulendo onse a U-2 kuwaphatikiza. Ntchito imene anamangidwirayo inali itayamba kale kugwiridwa ndi makina opanda munthu.

Anamutumiza kundende ya Vladimir, kummawa kwa Moscow. M'chitolokosi anali ndi mkaidi wa ku Latvia, Zigurds Krūmiņš, amene anamuphunzitsa kuluka timakapeti. Ankaluka, kulemba m'kabuku kake, n'kumadikira makalata. Kwawo bambo ake sanagone. Wosoka nsapato uja analembera kalata Rudolf Abel, kazitape wa Soviet amene anali m'ndende ku America, kumufunsa za kusinthana akaidi. Loya wa Abel, James Donovan, ndi amene pambuyo pake anakakambirana nkhaniyi ku East Berlin. Pa 10 Febuluwale 1962, pa mlatho wa Glienicke pakati pa Potsdam ndi West Berlin, amuna awiri anadutsana, Abel kulowera kummawa, Powers kumadzulo.

Kwawo kunalibe nthungululu

Chaka chimodzi m'mbuyomo, asilikali awiri a ndege ya RB-47 imene a Soviet anagwetsanso mu 1960 atamasulidwa, Pulezidenti Kennedy anapita yekha kubwalo la ndege kukawalandira. Amenewo anali a yunifolomu. Powers sanaonane ndi Kennedy. Anamutengera kumalo obisika n'kumufunsa mafunso kwa masabata angapo, ulendo uno omufunsa ali anthu a kwawo.

Kunja, manyuzipepala ndi anthu andale anali ataweruza kale. Bwanji sanaphulitse ndege? Bwanji anapepesa pamaso pa adani? Ena ankati ndi munthu waganyu, anatsata madola basi. Funso lowawa kwambiri linali la singano. Powers ananyamula kasingano ka poizoni kobisidwa m'ndalama yachitsulo, ndipo a Soviet anakaonetsa kukhoti. Anthu anamva kuti analamulidwa kudzipha koma anachita mantha. Zoona zake, panalibe lamulo lotero. Kasinganoko ankapatsidwa wofuna, kuti mwina angadzakagwiritse ntchito ngati akuzunzidwa kopitirira. Kunyamula kapena kusiya, zinali kwa mwini.

Gulu lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza milandu E. Barrett Prettyman linapeza kuti Powers anatsata malangizo ake. Pa 6 Malichi 1962 anakaonekera ku komiti ya Senate yoona za asilikali, ndipo nayonso inamuyeretsa. Koma mphekesera ikalowa m'khutu situluka ndi chikalata. M'boma momwemo munali ena, kuphatikizapo mkulu watsopano wa CIA John McCone, amene ankakayikirabe. Ankadalira lipoti lachinsinsi lonena kuti ndegeyo inatsika kaye isanaombedwe, ngati kuti Powers anagona kapena anachita dala. Umboni umene unatuluka zaka zambiri pambuyo pake, wa ku Russia komwe, unagwirizana ndi zimene iye ananena kuyambira pachiyambi: mzinga unamupeza ali pamwamba pomwe.

Taganizani mmene zinalili kwa iyeyo. Chimene chikanamuyeretsa pamaso pa anthu chinali kufotokoza zimene anabisira a KGB. Koma kuzifotokoza poyera kukanakhala kuwapatsa a KGB zomwezo. Chinsinsi chimene anasunga m'ndende n'chomwe chinamutseka pakamwa ali mfulu.

Kubwerera ku Air Force kuja kunavuta. Kelly Johnson, amene anamvetsera nkhani yake n'kuikhulupirira, anamutenga ku Lockheed kuti aziyesa ndege za U-2. Banja lake loyamba linatha, ndipo mu 1963 anakwatira Sue Downey. Chaka chomwecho anzake a U-2 analandira mendulo ya CIA ya Intelligence Star. Iye anamudumpha, yake inabwera mu 1965. Mu 1970 anatulutsa buku lofotokoza mbali yake, lotchedwa Operation Overflight, ndipo chaka chomwecho ntchito ya ku Lockheed inatha. Munthu amene ankajambula malo a mizinga ya Soviet anayamba kuuluka pamwamba pa Los Angeles n'kumauza omvera wayilesi misewu imene magalimoto athithikana. Kenako analowa ntchito yoyendetsa helikopita ya wayilesi ya kanema ya KNBC.

Pa 1 Ogasiti 1977, akuchokera kojambula moto wolusa m'tchire ku Santa Barbara, mafuta anathera m'mwamba. Helikopita inagwa ku Encino, ndipo Powers anafa pamodzi ndi wojambula George Spears. Pafupi ndi pamene inagwera panali ana akusewera, ndipo ambiri amakhulupirira kuti anaikhotetsa powapewa. Anali ndi zaka 47. Anaikidwa kumanda a asilikali a Arlington.

Ulemu wobwera mochedwa

Mwana wake, Francis Gary Powers Jr., anali ndi zaka 12 pamene bambo ake ankamwalira. Atakula anayamba kufufuza, kulemba makalata ndi kugogoda m'maofesi. Mu 1998 boma linamasula zikalata zoonetsa kuti maulendo a U-2 anali ntchito ya CIA ndi Air Force pamodzi. Kutanthauza kuti munthu uja ankamunena kuti waganyu anali pa ntchito ya usilikali nthawi yonseyo. Pa 1 Meyi 2000, patatha zaka 40 chigwetsedwereni, banja lake linalandira mendulo ya mkaidi wa pankhondo ndi mendulo ya mkulu wa CIA. Pa 15 Juni 2012 ku Pentagon, Air Force inapereka Silver Star, imodzi mwa mamendulo apamwamba a kulimba mtima, chifukwa cha mmene anapiririra m'manja mwa KGB. Anailandira ndi adzukulu ake, ana amene sanawaonepo agogo awowo. Mwini wake anali atagona m'manda zaka 35.

Powers ndiye wodziwika, koma sanali yekha. Safronov uja boma lake linamulemba pa mndandanda wa olandira mendulo mu 1960 osanena kuti anafa, ndipo anthu a ku Soviet Union anamva zoona zake patatha zaka pafupifupi 30. Ku Taiwan kunali gulu lotchedwa Black Cat Squadron limene linkayendetsa ma U-2 a CIA pamwamba pa China. Ndege zawo zisanu zinagwetsedwa. Awiri mwa oyendetsa, Yeh Chang-ti ndi Chang Li-yi, anagwidwa amoyo n'kusungidwa ku China mpaka 1982. Atamasulidwa, boma la Taiwan linakana kuwalandira, ndipo anakaponda kwawo mu 1990. Mayiko osiyana, mbali zosiyana, koma kachitidwe n'kamodzi: potuma amatuma mwakachetechete, zikavuta wotumidwayo amatsala yekha.

Apa sitikunena kuti kulowa m'dziko la eni n'kumajambula ndi chinthu chabwino. Soviet Union inali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo amene anavomereza ulendowo patangotsala masabata awiri kuti msonkhano wa mtendere uchitike ndi amene anayenera kuyankha. Koma amenewo anali m'maofesi ku Washington. Amene anasenza dzina loipa ndi amene analendewera pa paipi ya okosijeni.

Ndiye anzanga, mukadzakumana ndi funso la U-2 pa mayeso, lembani za Eisenhower, Khrushchev ndi Paris, mudzakhoza. Koma pali china choti titenge ife eni. Anthu amene ankamutcha Powers wamantha sanali m'ndegemo, sanali ku Lubyanka, ndipo theka la nkhani linali lotsekeredwa m'kabati. Anaweruza ndi theka limene anamva. Nafenso zimatichitikira: mnzathu akasiya sukulu mwadzidzidzi, akaitanidwa ku ofesi, kapena akangokhala chete pamene tikumunena, timathamangira kuti kukhala chete ndiko kuvomera. Nthawi zina munthu amakhala chete chifukwa akuteteza wina. Zidutswa za ndege ya Powers zilipobe mpaka lero m'nyumba yosungira zinthu zakale za asilikali ku Moscow, ndipo aliyense akhoza kukaziona. Dzina lake ndi limene linatenga zaka 50 kuti likonzedwe.